Chidebe, nyemba ndi bingu lobedwa: m'mene zining'a za Chingerezi zimagwirira ntchito

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, akuluakulu a asilikali a Britain ndi a America adakanganapo kwambiri pa nkhani imene onse ankagwirizana. A ku Britain adali ndi chikalata chimene ankafuna kuti chikambidwe mwamsangamsanga, ndiye adauza anzawowo kuti akufuna "to table it". Aamerika adakana kwamtuwagalu. Kwa iwo mawuwo ankatanthauza kuika chikalatacho pambali kuti chisakambidwe, pamene kwa Angerezi ankatanthauza kuchibweretsa pamaso pa anthu kuti achikambirane. Mkangano udakula ndithu asanazindikire kuti akufuna chinthu chimodzi. Winston Churchill, amene adali nduna yaikulu ya Britain pa nthawiyo, adailemba nkhaniyi m'mabuku ake ofotokoza za nkhondoyo. Kusiyanaku kudakalipo mpaka lero. Ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, imene idatengera mwambo wa nyumba ya malamulo ya Britain ku Westminster, nduna ikachita "table" bilu ndiye kuti yaipereka kwa aphungu kuti aikambirane. Ku Washington ndiye kuti biluyo yagonekedwa.

Anthu onsewa adali eni chinenero, ndipo panalibe amene sankadziwa tebulo. Apa ndiye pagona vuto la zining'a. Chining'a ndi mawu amene akakhala pamodzi amanena zina, zosiyana ndi zimene liwu lililonse limanena palokha. Ife sitifunika kuuzidwa zambiri pamenepa. Tikamva kuti agogo atsamira mkono sitipita kukawadzutsa, ndipo mwana amene walemba m'madzi sitimufunsa kuti cholembera chanyowa kapena ayi. Mwambi ndi wosiyana pang'ono: umakhala chiganizo chathunthu chonyamula malangizo, ndipo munthu ukauganizira bwino umatha kuutulukira wekha. Chining'a ndi kachidutswa kolowetsa m'chiganizo chako, sichilangiza munthu, ndipo nthawi zambiri kuchiganizira mozama n'kumene kumasocheretsa.

Tiyambe ndi chidebe. "Kick the bucket", kumenya chidebe ndi phazi, ndi kufa. Mawuwa ndi ouma ngati mwala. Simungasinthe "bucket" n'kuikapo "pail", ngakhale zonse ndi zidebe. Simungatembenuze chiganizo n'kunena kuti "the bucket was kicked by him", chifukwa mukatero Mngerezi amva kuti pali chidebe chenicheni chimene chamenyedwa, palibe maliro. Koma tengani "spill the beans", kutaya nyemba, kumene ndi kuulula chinsinsi. Ichi chimalola kutembenuzidwa: "the beans were spilled" imamveka bwinobwino kuti chinsinsi chaululika. N'chifukwa chiyani china chikulola pamene china chikukana? Mu 1994 akatswiri atatu a zinenero, Geoffrey Nunberg, Ivan Sag ndi Thomas Wasow, adapereka yankho limene ambiri amalitsatirabe. M'chining'a cha nyembacho, gawo lililonse lili ndi ntchito yake: nyemba zikuimira chinsinsi, kutaya kukuimira kuulula. Choncho mutha kusuntha nyembazo, tanthauzo liyenda nazo. M'chining'a cha chidebe, chidebecho sichikuimira kanthu. Mawu atatu onsewo pamodzi ndiwo akuimira kufa, ndipo mukawalekanitsa tanthauzo limabalalika.

Pali chinanso chimene madikishonale ang'onoang'ono a kusukulu sanena. "Kick the bucket" si mawu aulemu. Adalembedwa kale mu 1785 m'dikishonale ya Francis Grose, imene idali yosonkhanitsa mawu a m'misewu ndi m'malo omwera mowa. Kutsamira mkono kwathu ndi kwaulemu, mutha kukunena pamaso pa anamfedwa. Amene angaganize kuti ziwirizi n'zofanana chifukwa zonse zikutanthauza kufa, n'kukalemba uthenga wachipepeso kwa bwana wake kuti wamva kuti mayi awo achita "kick the bucket", wapalamula. Pamaliro Angerezi amati "passed away". Tanthauzo ndi theka chabe la chining'a. Theka linalo ndi kudziwa amene amachinena, kwa yani, ndiponso pamalo otani.

Nanga zidachokera kuti? Gwero lalikulu, limenenso ndi losavuta kwa ife, ndi Baibulo. William Tyndale adamasulira Chipangano Chatsopano kuchoka m'Chigiriki kupita m'Chingerezi pa nthawi imene kuchita zimenezo popanda chilolezo cha akuluakulu a mpingo kudali mlandu ku England. Adakasindikiza ku Worms, m'dziko la Germany, mu 1526, ndipo mabukuwo ankalowa ku England mozembetsa. Mu 1536 adaphedwa ku Vilvoorde, pafupi ndi Brussels: adamupotokola khosi kenako n'kutentha mtembo wake. Koma pamene Baibulo la King James linkatuluka mu 1611, omasulira ake adatenga mawu ambiri a Tyndale monga adalili, ndipo Baibulo limeneli lidawerengedwa mokweza m'matchalitchi Lamulungu lililonse kwa zaka mazana. Anthu osadziwa kuwerenga adaliloweza ndi makutu. Katswiri wa Chingerezi David Crystal, atawerenga Baibuloli lonse, adapeza mawu okuluwika 257 amene akugwiritsidwabe ntchito m'Chingerezi cha masiku ano, ndipo adaona kuti ambiri mwa iwo adalipo kale m'Mabaibulo a Chingerezi oyambirira, King James asanatuluke.

Munthu wokulira m'Sande sukulu ya CCAP kapena m'kalasi ya katekisimu ali ndi mwayi pano woposa wachinyamata wa ku London amene sadapondepo m'tchalitchi. "Scapegoat", liwu limene Tyndale adapanga yekha, ndi mbuzi ya pa Levitiko 16 imene inkasenzetsedwa machimo a anthu n'kupirikitsidwira kuchipululu. Lero ndi munthu amene akumukankhira mlandu wa gulu lonse. "The writing on the wall" ndi dzanja lija lidalemba pakhoma pa phwando la Belisazara pa Danieli 5, ndiye kampani ikamati yaona zolembedwa pakhoma ndiye kuti yaona kuti kugwa kwayandikira. "At the eleventh hour" ndi antchito a m'munda wa mpesa pa Mateyu 20, aja adalembedwa ganyu dzuwa litapendeka. Maola ankawerengedwa kuyambira m'mawa, choncho ola la 11 ndi cha m'ma 5 koloko madzulo, osati usiku monga ambiri amaganizira. "Go the extra mile", imene mahotela ndi mabanki amakonda kulemba m'zotsatsa zawo, ndi ya pa Mateyu 5:41, za kukakamizidwa kuyenda mtunda umodzi n'kuyenda iwiri. "By the skin of my teeth", kupulumukira mkamwa mwa mbuzi, ndi mawu a Yobu pa 19:20, ndipo sizithandiza kufunsa kuti mano ali ndi khungu liti. Kusamba m'manja kwa Pilato nakonso kuli m'zinenero zonse ziwiri mofanana: Mngerezi akati "I wash my hands of it" akunena zomwezo timanena ife tikatopa ndi nkhani ya mwana wosamva.

William Shakespeare amapatsidwa ulemu woposa umene akuyenera pa nkhaniyi. Zambiri zimene anthu amati adapanga iye zidalipo kale pakamwa pa anthu, iye adangozilemba m'masewero amene adatchuka. Komabe zina n'zake ndithu, kapena zidafala chifukwa cha iye. "A pound of flesh" ndi ya Shylock wa mu The Merchant of Venice, wokongoza ndalama amene ankafuna paundi ya mnofu wa wangongole wake, ndipo imanenedwa kwa munthu woumirira zake mopanda chifundo ngakhale lamulo lili kumbali yake. Nsanje kuitcha "the green-eyed monster" kudachokera mu Othello. "It's Greek to me", kunena kuti sindikutolapo kanthu, ili mu Julius Caesar.

Nkhani ya m'nyumba za zisudzo imene ine imandisangalatsa kwambiri si ya Shakespeare, koma ya munthu wolephera. John Dennis adalemba sewero lotchedwa Appius and Virginia limene lidaonetsedwa ku Drury Lane mu London mu 1709. Pofuna kukometsa seweroli, adapeza njira yatsopano yopangira phokoso la bingu kuseri kwa nsanja. Sewero silidakondedwe ndipo adalichotsa msanga. Patapita nthawi pang'ono Dennis adapita kukaonera Macbeth m'nyumba yomweyo, n'kumva bingu lake likugunda. Adakwiya n'kudandaula kuti akana sewero lake koma amubera bingu. Masewero a Dennis adaiwalika kalekale, koma "steal someone's thunder" idakalipo: kulanda mnzako ulemerero, monga kulengeza za ukwati wako pa phwando la chinkhoswe cha mng'ono wako.

Gwero lachiwiri lalikulu ndi nyanja. Britain ndi chilumba, ndipo kwa zaka mazana chuma chake ndi nkhondo zake zinkayenda pa zombo za matanga. Chombo chachikulu chinkakhala ndi zingwe zambirimbiri, chilichonse ndi dzina ndi ntchito yake, ndiye wobwera kumene ankayenera kuyamba waphunzira zingwezo. Mpaka lero wolembedwa ntchito kumene mu ofesi amauzidwa kuti achite "learn the ropes", ngakhale muofesimo mulibe chingwe. Mphepo ikatembenuka mwadzidzidzi n'kuomba matanga chakutsogolo, n'kuwapanikiza kumlongoti, chombo chinkaima kapena kubwerera m'mbuyo. Amalinyero ankati chachita "taken aback", ndipo lero ndi munthu amene wadzidzimuka n'kusowa chonena. "A loose cannon" ndi mzinga wolemera umene wamasuka pa zingwe zake n'kumagubuduzika m'chombo pa namondwe, kuphwanya anthu a m'chombo momwemo. Andale amakonda kunena zimenezi za mnzawo wa m'chipani amene sadziwika chimene ayankhule mawa. Woledzera kwambiri amati ali "three sheets to the wind", ndipo apa ngakhale Angerezi ambiri amaphonya: "sheet" pachombo si nsalu ya thanga, ndi chingwe chomangira thangalo. Zingwe zikamasuka, matanga amangokupiza, chombo n'kumadzandira.

"Turn a blind eye", kuona koma kunamizira kusaona, imalumikizidwa ndi Horatio Nelson, mtsogoleri wa asilikali a panyanja a Britain. Pa nkhondo ya ku Copenhagen mu 1801, mkulu wake Hyde Parker adakweza mbendera yomulamula kuti abwerere. Nelson, amene diso lake limodzi lidali lakufa, akuti adaika chipangizo choonera patali pa diso lakufalo n'kunena kuti sakuona mbendera iliyonse, ndipo adapitiriza nkhondo mpaka kupambana. Mawuwo adalipo kale m'mabuku nkhondoyi isanachitike, koma nkhani ya Nelson ndiyo idawamatiza m'mitu ya anthu.

Masewera ndiwo amagawa Chingerezi pakati. A ku Britain, India ndi Australia amatapa m'cricket: munthu amene zinthu zamuthina ali "on a sticky wicket", ndipo amene nkhani yoipa yamufoola wachita "knocked for six". Aamerika amatapa m'baseball, ndipo chifukwa cha makampani ndi mabungwe awo, mawu a baseball adzaza m'maimelo a anthu amene sadaonepo masewerawo. Wina akakulemberani kuti "let's touch base" akungofuna kuti mulankhulane pang'ono. "A ballpark figure" ndi mtengo wongoyerekeza. "Take a rain check" idachokera ku tikiti imene oonerera ankapatsidwa mvula ikasokoneza masewera kuti adzalowere tsiku lina, ndipo lero ndi njira yaulemu yokanira kuitanidwa. Za nkhonya n'zodziwika kulikonse: kuponya thawulo m'bwalo, "throw in the towel", ndi kuvomereza kugonja, ndipo "below the belt" ndi nkhonya yoletsedwa, kapena mawu olasa mnzako pamalo posayenera. Za mpira wamiyendo, monga "own goal" ndi "move the goalposts", sizifuna mphunzitsi kwa aliyense amene adakhalapo pa Kamuzu Stadium. Njuga nayo idaperekako zake. "Pass the buck", kukankhira wina udindo, idachokera ku poker, ndipo pulezidenti wa America Harry Truman adaika kachikwangwani pa desiki yake kolembedwa kuti "The buck stops here", kutanthauza kuti iye alibe womukankhira.

Tsono chenjerani ndi nkhani za chiyambi cha zining'a, chifukwa zabodza n'zambiri ndipo zimakoma kuposa zoona. Cha m'ma 1999 padafala imelo yofotokoza moyo wa ku England m'zaka za m'ma 1500, ndipo zimene idanena zikuzungulirabe pa Facebook ndi WhatsApp. Idati "raining cats and dogs", kugwa mvula yamphamvu, idayamba chifukwa amphaka ndi agalu ankagona pa madenga a udzu n'kumaterereka mvula ikagwa. Aliyense amene adagonapo m'nyumba ya udzu adziwa kuti galu sakwera padenga. Chodziwika n'chakuti mlembi Jonathan Swift adalemba mawuwa mu 1738, ndipo mu 1710 adali atalemba ndakatulo yofotokoza madzi a mvula akukokolola ana agalu ndi amphaka akufa m'misewu ya London. Imelo yomweyo idati "saved by the bell" idachokera ku mabelu omangirira ku mabokosi a maliro kuti woikidwa wamoyo aimbe. Ayi, ndi ya nkhonya: belu lotsekera chigawo limalira womenyedwa asanawerengedwe mpaka 10. Ena amati "rule of thumb" idachokera ku lamulo lolola mwamuna kumenya mkazi wake ndi ndodo yosaposa chala chachikulu kunenepa. Lamulo lotero silidakhalepo m'malamulo a England, ndipo mawuwa kuyambira m'ma 1600 akhala akutanthauza kuyeza mongoyerekeza. "The whole nine yards", kutanthauza zonse osasiyako kanthu, amati ndi utali wa lamba wa zipolopolo m'ndege za nkhondo yachiwiri, koma ofufuza adaipeza m'nyuzipepala za ku America zolembedwa nkhondoyo isanayambe n'komwe.

Ngakhale nkhani yoona ya chiyambi imangothandiza kukumbukira, siphunzitsa kagwiritsidwe. Chining'a chili ngati dzina la mudzi umene udatchulidwa potengera mtengo umene udadulidwa kalekale: anthu amafika pamudzipo osasochera, koma wofunafuna mtengowo ndiye amasochera. Eni chinenero nawo chithunzi chidawafera, n'chifukwa chake amalakwitsa. Mlembi George Orwell adadandaula mu 1946 kuti anthu akulemba "tow the line" m'malo mwa "toe the line", kutsatira malamulo, poti adaiwala kuti nkhani ndi ya chala cha phazi kuima pa mzere, osati kukoka chingwe. Lero ambiri amalemba "free reign", poganiza za ufumu, m'malo mwa "free rein", kumasulira kavalo chingwe cha pakamwa. Ena amati "for all intensive purposes" pofuna kunena "for all intents and purposes". Zolakwitsa za mtunduwu zidapatsidwa dzina mu 2003 ndi katswiri Geoffrey Pullum: adazitcha "eggcorn", potengera mayi wina amene ankalemba choncho liwu lakuti "acorn".

Apa ndiye ndili ndi dandaulo pa kaphunzitsidwe kathu. Mndandanda wa zining'a umene ana amaloweza pokonzekera mayeso a JCE ndi MSCE umadzaza ndi zokometsera: amphaka ndi agalu a mvula aja, "once in a blue moon", "as fit as a fiddle". N'zokoma kuloweza, koma Mngerezi wamba akhoza kutha miyezi osanenapo za amphakawo. Zimene zimagwetsa anthu tsiku ndi tsiku ndi timawu ting'onoting'ono tosaoneka ngati zining'a, makamaka aneni otsatana ndi "up", "off", "out", "down" ndi anzawo. Tengani "put", kuika. "Put off" ndi kuzengereza kapena kusuntha tsiku, komanso kunyansidwa. "Put up with" ndi kupirira. "Put someone up" ndi kumupatsa malo ogona. "Put out" ndi kuzimitsa moto, koma munthu akakhala "put out" ndiye kuti wakhumudwa. "Put down" ndi kunyoza munthu, koma dokotala wa ziweto akanena zimenezo za galu wanu wodwala akutanthauza kumupha. Palibe nzeru imene ingakufikitseni pa matanthauzo amenewa pongodziwa "put" ndi "down". "Look up to" ndi kulemekeza, "look down on" ndi kupeputsa, "look after" ndi kusamalira, "look into" ndi kufufuza. Mawu otere alipo zikwi zingapo, ndipo ndiwo amadzaza nyuzipepala, makalata a ntchito ndi macheza.

Pamwamba pake pali chizolowezi cha Angerezi a ku Britain chonena zochepa potanthauza zambiri. "Not bad" nthawi zambiri ndi kuyamikira. "With all due respect" ndi chenjezo lakuti mawu otsatirawo akhala opanda ulemu. Bwana akati "I hear what you say" ndiye kuti wakana ndipo sakufunanso kumva. "Quite good" kwa Mmerika ndi zabwino ndithu, kwa Mngerezi ndi zabwinoko pang'ono chabe. Zimenezi si zachilendo kwenikweni kwa anthu amene "ndamva" wawo amatha kutanthauza "sindichita", kungoti malo obisalira ndi osiyana.

Anamwino ndi osamalira okalamba ochokera kwathu kuno, ku Zambia ndi ku Zimbabwe amene akugwira ntchito ku Britain amakumana ndi mtundu wina: mawu ozembera zinthu za manyazi. Gogo wa zaka 85 sanena kuti akufuna kukodza. Amati akufuna "to spend a penny", mawu ochokera ku nthawi imene zimbudzi za m'tauni zinkatsegulidwa poponya khobidi limodzi pachitseko. Ife timati kutaya madzi, ndiye nzeru yake ndi yomweyo. Akati ali ndi vuto ndi "waterworks" akunena za chikhodzodzo, osati mipope ya m'nyumba. "Under the weather" ndi "off colour" ndi kusamva bwino m'thupi. "I've been sick" ku Britain nthawi zambiri ndi kusanza, osati kudwala chabe, ndipo m'chipatala kusiyana kumeneku n'kofunika. Ku London kulinso mawu a Cockney, amene amabisa liwu kuseri kwa mawu ena omveka mofanana kumapeto, kenako n'kudula mbali yofananayo. "Loaf of bread" imamveka ngati "head", ndiye "use your loaf" ndi kuti ganiza bwino. "Pork pies" imamveka ngati "lies", ndiye "telling porkies" ndi kunama. Mlendo alibe poyambira pamenepa.

Sikuti zonse ndi chisokonezo chopanda dongosolo. Mu 1980 George Lakoff ndi Mark Johnson adaonetsa kuti mawu ophiphiritsa ambiri amamera pa fanizo limodzi lobisika. M'Chingerezi nthawi ndi ndalama: amati "spend time", "save time", "waste time", "living on borrowed time". Mtsutso ndi nkhondo: munthu amachita "attack" mfundo ya mnzake, "defend" yake, n'kuchita "shoot down" maganizo a wina. Kumwamba ndi kwabwino, pansi ndi koipa: "cheer up", "feeling down". Mukagwira muzu umenewu, mawu makumi angapo amamveka nthawi imodzi. Ife muzu wathu waukulu ndi mtima: kupsa mtima, kuleza mtima, kuugwira mtima, kutaya mtima, kukhazika mtima pansi. Nthawi zina zinenero ziwirizi zimakumana, monga "lose heart" ndi kutaya mtima. Nthawi zina zimanamiza: "heartburn" ikuoneka ngati kupsa mtima, koma ndi kutentha kwa pachifuwa kobwera ndi chakudya.

Zining'a zikubadwabe, ndipo si zonse zobadwira ku England. "Catch-22", vuto limene njira yotulukira imatsekedwa ndi lamulo la vuto lomwelo, monga kufuna ntchito kuti upeze luso pamene ntchitoyo ikufuna waluso kale, ndi dzina la buku la Joseph Heller la 1961. "Lose face" ndi "paper tiger" zidatengedwa ku Chitchaina. Watergate lidali dzina la nyumba ku Washington kumene anthu adathyola ofesi ya chipani cha Democratic mu 1972, nkhani imene idachititsa pulezidenti Richard Nixon kutula pansi udindo mu 1974. Atolankhani adadula "gate" n'kuyamba kuimata pa nkhani iliyonse yochititsa manyazi boma. South Africa idakhala ndi Muldergate kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo ife tidakhala ndi Cashgate mu 2013. Palibe geti paliponse m'nkhanizi. Amalawi a ku Joni amadziwa kuti "just now" ya kumeneko si tsopano, ndi nthawi ina iliyonse kutsogoloku, ndipo "now now" ndiyo yayandikirako. Nafenso tili ndi zathu. "I am coming" yonenedwa munthu akutuluka pakhomo ndi "ndikubwera" wathu atavala Chingerezi. Imamveka bwino ku Blantyre, ku Lusaka ngakhale ku Lagos, koma mlendo wochokera ku Manchester amangoti kukamwa yasa akuona msana wa munthu amene akuti akubwera.

Amene ntchito yawo ndi kumveka kwa anthu a maiko ambiri adasankha kuzipewa. Wailesi ya Voice of America itayamba mapulogalamu a Special English mu 1959, idadziikira malire a mawu pafupifupi 1,500, ziganizo zazifupi, kuwerenga pang'onopang'ono, ndi kupewa zining'a. 

Mayeso a IELTS, amene anamwino ndi ophunzira ambiri amalemba asanapite kunja, amakoka mbali inayo. Ndondomeko yopatsira malikisi pa gawo lolankhula imanena kuti wofika pa 7 ayenera kugwiritsako ntchito mawu okuluwika ndi osapezekapezeka. Ambiri akamva zimenezi amathamangira kuloweza mndandanda uja wa amphaka ndi agalu n'kumauthira m'yankho lililonse. Koma ndondomeko yomweyo imayang'ananso ngati munthu akudziwa mawu oyendera limodzi ndi kalankhulidwe koyenera malo. Wofunsidwa za ntchito yake amene wayankha kuti poyamba zidamuvuta koma "I got used to it", kuti bwana wake "puts up with a lot", kuti akufuna "to move on", waonetsa kale zining'a zitatu, ndipo woyesa amaziwerengera. Amene wanena kuti ku Mzuzu kumachita "rain cats and dogs" mwezi wa April, ndiponso kuti amapita kwawo "once in a blue moon" chifukwa basi imadula "an arm and a leg", zonse m'mpweya umodzi, woyesa amamva kuti waloweza.